Nambala ya galimoto wamba kapena yodzisankhira ku Britain?

Mu 2001 zilembo zosonyeza chaka zitathera pa Y, dziko la Britain linayamba kalembedwe katsopano: zilembo ziwiri za dera, manambala awiri a nthawi, kenako zilembo zitatu. Mukaona LA24, ndi ya ku London, yolembetsedwa pakati pa Marichi ndi Ogasiti 2024.

Nambala wamba imangobwera ndi galimotoyo.
Yodzisankhira, ku DVLA (bungwe la boma lolembetsa magalimoto), imayambira pa £250.

Wamba imaulula zaka za galimoto kwa aliyense wodutsa.
Yodzisankhira ingabise zakazo, koma lamulo sililola kuti galimoto yakale ioneke yatsopano.

Mukagulitsa galimoto, wamba imapita nayo. Yodzisankhira mumaisamutsira pa galimoto ina pa £80.

Ngati galimoto ndi yongopitira kuntchito, wamba yakukwanirani, ndalamazo musungire inshuwalansi. Yodzisankhira ndimaiona yoyenera wabizinesi wofuna kuti vani yake izikumbukika pamsewu.