Dark ndi Loki: nthawi yozungulira kapena yophuka nthambi?

Achinyamata a ku Senga Bay sagwirizana pa masewero awiriwa. Mu Dark, sewero la ku Germany la pa Netflix, nthawi imazungulira. Anthu amadumpha zaka 33, pakati pa 1953, 1986 ndi 2019, koma zomwe amachita pofuna kukonza zakale ndi zomwenso zimabala tsoka lomwe akulithawalo. Mikkel, mwana wosowa mu 2019, amakapezeka mu 1986, n'kukula, n'kudzabereka Jonas, mnyamata yemwe ndi mwini nkhaniyi. Apa tengani kope mulembe mibadwo, ngati mmene amalume amalongosolera chibale pamaliro.

Loki, sewero la ku America la 2021, savuta. Munthu akapatuka panjira yake, nthawi imaphuka nthambi, a TVA, gulu loyang'anira nthawi m'seweroli, n'kudzaidula. Kope safunika. Ine ndili mbali ya Dark, ngakhale amamaliza bandulo.