Telala, jimu, chiwaya kapena phiri: wachepetsa thupi adzithokoze ndi chiyani?

Anzanga a kuntchito ndi a ku banki mkhonde akhala akundifunsa funso limodzimodzi: munthu ukatsitsa makilo amene unadzilonjeza, udzithokoze ndi chiyani? Ndayankha m'makhonde, ndayankha pa foni, lero ndati ndilembe kuti aliyense adziwerengere yekha. Njira zimene ndaziyesa kapena kuzionera pafupi ndi izi: kudya chimene unachisiya, kulembetsa ku jimu, kugula nsapato kapena wotchi, kupita ulendo, ndi kusoketsa chovala. Ndineneretu kuti ine ndili mbali ya telala, ndipo jimu ndili nayo chakukhosi.

Nkhani ya mphotoyi musaione ngati yachibwana. Kwathu kuno wochepetsa thupi saomberedwa m'manja. Ukanenepa amati banja likukuyanja. Ukaonda, apongozi amakuitanira kuseri kwa nyumba n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Mwana wanga, muli bwinobwino kodi? Mwapitako kuchipatala?" Ena safunsa n'komwe, amangonong'onezana. Choncho ngati sudziyamikira wekha, palibe amene adzakuchitire.

Komanso musadikire kuti mutsitse makilo 20 kuti mudzipatse kanthu. Madokotala amati kutsitsa makilo 5 pa makilo 100 alionse a thupi kumayamba kale kuthandiza pa BP ndi shuga. Kwa munthu wolemera makilo 90, amenewo ndi makilo anayi ndi theka basi. Ku America kunachitika kafukufuku wotchedwa Diabetes Prevention Program, zotsatira zake zinatuluka mu 2002. Anthu amene anali pafupi kudwala shuga anauzidwa kuti atsitse makilo 7 pa 100 alionse ndi kumachita masewera mphindi 150 pa sabata, ndipo chiopsezo chawo chinatsika ndi 58 peresenti. Kutsika kwabwino ndi theka la kilo mpaka kilo imodzi pa sabata, ndiye mphoto yoyamba imayenera kufika patatha mwezi umodzi kapena iwiri. Ndi pamene funso la anzangawa limabwera.

Tiyambe ndi chiwaya, chifukwa ndiko mtima umathamangira. Tchipisi cha mafuta ake, kanyenya pambali, tsabola wa kambuzi, chakumwa chozizira. Pa mtengo, palibe chochiposa. Pa chisangalalo cha nthawi yomweyo, chimapambananso. Ndipo ndisakuopsezeni zabodza: kilo imodzi ya mafuta a m'thupi ndi makalori (muyeso wa mphamvu ya m'chakudya) pafupifupi 7,700, ndiye mbale imodzi singabweze zonse zimene mwavutikira. Mukakwera sikelo m'mawa mwake n'kupeza kilo yawonjezeka, ambiri mwa amenewo ndi madzi amene mchere ndi zakudya za sitachi zasunga m'thupi, ndipo amachoka okha pakapita masiku ochepa.

Vuto la chiwaya lili m'mutu. Ukachisandutsa mphoto, nsima yako yochepa ija ndi masamba zimasanduka chilango, ndipo munthu sakhala pa chilango mpaka kalekale. Lachisanu loyamba umati ndikudzithokoza, lachiwiri umati sabatayi inali yolemetsa, lachitatu wa chiwaya wadziwa kale dzina lako. Nanga chakumwa chija? Botolo la 500 ml la Coca-Cola lili ndi shuga pafupifupi magalamu 53, pomwe bungwe la WHO limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 50 a shuga wothira pa tsiku lathunthu, ndipo akatsika kufika pa 25 ndiye bwino koposa. Kuti botolo limenelo lipse, uyenera kuyenda mwandawala mphindi 40 kapena kuposerapo. Ine tchipisi ndimadya ndikachifuna, tsiku wamba, popanda mwambo. Kungoti sindichitcha mphoto.

Tsopano jimu.

Jimu ina mu Lilongwe muno, dzina ndalisunga, inaika mtengo wa pamwezi pa chikwangwani, zilembo zikuluzikulu, wooneka wofikirika. Ndinapita ndi ndalama yokwanira mtengo umenewo. Pa kauntala mtsikana anandimwetulira n'kunena kuti, "Amayi, pali ndalama yolembetsera kaye." Ndalama yolembetserayo inali pafupifupi yofanana ndi ya mwezi wathunthu, ndipo sibwezedwa. Nditafunsa za mtengo wa pa chikwangwani uja, anati umenewo ndi wa anthu olipira miyezi itatu pakamodzi. Wolipira mwezi umodzi mtengo wake ndi wina. Pa chikwangwani panalibe mawu amenewo, ngakhale ang'onoang'ono a pansi aja. Munthu wavala kale zothamangira, botolo la madzi lili m'manja, kumbuyo kuli anthu pa mzere, ubwerera bwanji? Ndinalipira miyezi itatu.

Sizinathere pomwepo. Ma aerobics a madzulo, amene ndinawaona pa zenera n'kukopeka nawo, anali ndi mtengo wakewake. Mphunzitsi woti akuonetse kagwiridwe ka zitsulo kuti usathyoke msana, nayenso mtengo wake. Magetsi akazima, makina othamangirapo onse zii, ndipo jenereta ankaliza pokhapokha anthu akachuluka. Nthawi imene ine ndinkapeza mpata, m'mamawa, tinkakhala ochepa, ndiye tinkangoyang'anana ndi makina akufa. Onjezanipo ya minibasi kupita ndi kubwera, chifukwa jimu zabwino sizikhala ku Area 25 kapena ku Kawale kumene ambirife timagona.

Chimene chinandipweteka kwambiri chinabwera pakati pa mwezi wachiwiri. Kumudzi kunagwa zovuta, ndipo mukudziwa kuti maliro a pafupi sathera pa tsiku loika. Nditabwerako ndinapempha kuti masabata amene ndinasowawo awasunthire kutsogolo. Yankho lake linali lakuti masiku amawerengedwa pa kalendala, kaya wabwera kaya sunabwere. Anandiuza mwaulemu ndithu, akuti "pepani kwambiri, amayi, ndi malamulo a bwana," koma ndalama inapita. Bwanayo sindinamuonepo ndi tsiku limodzi lomwe.

Mphoto yotere ili ngati mlendo amene wabwera ndi nkhuku imodzi n'kukhala miyezi itatu akudya zako. Umasangalala tsiku lolembetsa lokha, pambuyo pake imasanduka ngongole, ndipo tsiku lililonse limene sunapite umadziona wolakwa. Munthu amene wangopambana kumene safunika chinthu chomuchititsa manyazi.

Ndisaiphe yonse. Thupi likamatsika, minofu imatsika nawo limodzi ndi mafuta, ndipo WHO imalangiza masewera olimbitsa minofu masiku awiri pa sabata, kuwonjezera pa mphindi 150 mpaka 300 zoyenda kapena kuthamanga. Zitsulo n'zofunika. Koma ngati mukufuna jimu, iikeni pa bajeti monga ya madzi ndi magetsi, isakhale mphoto. Funsani ngati amalola kulipira pa tsiku. Funsani mtengo wonse, wolembetsera ndi wa makalasi, musanatulutse foni kuti mutumize ndalama. Funsani za jenereta. Funsaninso kuti mukadwala kapena kugwa zovuta masiku anu amatani, ndipo akulembereni pa lisiti.

Nsapato zothamangira ndi mphoto yabwino, ndipo zikanakhala zoyamba pakanapanda telala. Umalipira kamodzi, mawondo amakuthokoza, ndipo nsapato yatsopano imakudzutsa yokha m'mawa. Nsapato yabwino imatha mphamvu ikayenda makilomita 500 mpaka 800, ndiye za kaunjika muzizitembenuza n'kuona pansi pake. Kumwamba ikhoza kuwala pomwe mwini wake woyamba anaithera kale mtunda wake. Pitani kukayesa madzulo, phazi litatupako pang'ono.

Wotchi zowerenga mapazi zotsika mtengo zija, zisiyeni. Zambiri zimawerenga ngakhale mukutakasa nsima, ndipo foni yanu imagwira kale ntchito imeneyo kwaulere. Tiyi wochepetsa thupi ndiye sindimuika n'komwe pa mpikisano uno, poti wambiri amangotsegula m'mimba ndipo chimene chimachoka ndi madzi.

Saluni? Tsitsi latsopano limasangalatsa masabata atatu, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Ndi mphoto yoyenera makilo awiri oyamba.

Ulendo uli pawiri, kunyanja ndi kuphiri. Ku Senga Bay kapena ku Mangochi n'kokoma, koma tinene zoona, chimene timakachita kumeneko ndi kukhala pa mchenga, chambo chokazinga, ndi zakumwa kuyambira masana. Ndi chiwaya chomwe chija, kungoti chili ndi mafunde kutsogolo. Mtengo wake wobisika ndi anthu. Ukangotchula za kunyanja, ana alowamo, bambo awo alowamo, mlamu amene amakhala nanu sangatsale, ndipo mphoto yako yasanduka ulendo wa banja, iwe n'kukhala wophika ndi wosunga matawulo.

Phiri ndi lina. Kumeneko thupi latsopanolo limadzionetsa lokha. Pa Mulanje simufunika kufika pa Sapitwa, pa mamita 3,002 paja. Kungoyambira pa Likhubula kukafika pa Dziwe la Nkhalamba n'kokwanira kuti munthu amene kale ankapuma wefuwefu pa masitepe a ku ofesi adabwe ndi miyendo yake. Konzeranitu ya wokutsogolerani, ndipo mugwirizane mtengo musanayambe kukwera. A ku Lilongwe kuno Mulanje ndi kutali, koma Nkhoma, Bunda ndi Dedza ali pafupi, ulendo wa tsiku limodzi. Ubwino winanso, ukatchula phiri, mlamu uja amapeza chochita china. Kuipa kwake n'kwakuti limatha tsiku lomwelo, umatsala ndi zithunzi ndi ntchafu zowawa, komanso nyengo ya mvula njira zimaterera. Ndi mphoto yoyenera makilo khumi, yodzipatsa pakati pa Meyi ndi Okutobala.

Ndafika kwa telala wanga. Chifukwa choyamba chimene ndimamukondera ndi tepi yake. Sikelo imasinthasintha, m'mawa ina, madzulo ina, ndipo kwa ife amayi imakwera masiku ena a pamwezi popanda chimene walakwa. Tepi ya m'chiuno siichita zimenezo kwenikweni, ndipo imayeza malo amene ali ofunika, chifukwa mafuta a pamimba ndi amene amayenda limodzi ndi shuga ndi BP. Lamulo losavuta ndi lakuti chiuno chisafike theka la msinkhu wako: ngati ndiwe wa masentimita 160, chiuno chikhale pansi pa 80. Telala aliyense wodziwa ntchito ali ndi kope lake la miyeso. Akatsegula tsamba lakale n'kuyerekeza ndi la lero, amakweza maso n'kunena kuti, "Iii, mayi, mwatsikatu!" Ndi munthu yekhayo m'tauni muno amene amanena mawu amenewo popanda kufunsa za kuchipatala.

Chachiwiri, mtengo umautambasula wekha. Ndalama zikavuta, tenga madiresi awiri akale amene akukukhuthuka, akawabweze. Zimenezo n'zotchipa kuposa mbale ziwiri za kanyenya, ndipo diresi limene unkalivala ukubisa mimba limatuluka ngati latsopano. Zikakhalapo, gula chitenje chimene mtima wakhala ukuchifuna, usoketse. Kuchokera pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zovala za m'mashopu zinathawa, ndipo nsalu nazo zinakwera, koma kusoketsa kukadali kofikirika poyerekeza ndi diresi lopachika pa shopu. Palibe yolembetsera, palibe ya mwezi wamawa.

Chachitatu, chovala chokukwana chimakulondera. Chikayamba kuthina pa zipi, umadziwa msanga, makilo asanabwerere onse. Zovala zotaya zija, ndi chitenje chomanga m'chiuno, zimakubisira mpaka zinthu zitaipa.

Pali zoyenera kusamala. Musasoketse chovala cha thupi limene mulibe. Ena amauza telala kuti achepetseko dala, akuti chiwalimbikitse, ndipo chimathera m'sutikesi chikuwanyoza. Soketsani cha thupi la lero, ndipo muuzeni asiye nsalu yokwanira m'kati mwa msoko, asaidule, kuti chikafuna kubweza kapena kutaya pakhale pogwira. Ngati mukadali pa ulendo wotsika kwambiri, nsalu yodula isungeni kaye. Za pakatikati kagwireni pa kaunjika ku Tsoka kapena ku Limbe, poti pakatha miyezi iwiri zidzakhala zitakukulirani. Abambo nanunso zikukukhudzani: buluku lobwezedwa bwino ndi kuboola bowo latsopano pa lamba n'zabwino kuposa kuyenda mutakwinya nsalu m'chiuno.

Kuipa kwa telala tonse tikukudziwa, ndi "mawa". Wanganso ali nako, sindimubisira. Nyengo ya maukwati ndi ya Khirisimasi, nsalu yanu ikhoza kugona pansi pa mulu wa mayunifolomu a zinkhoswe mpaka mutaiwala maluwa ake. Pitani nayo mu Febuluwale kapena Malichi, ntchito ikachepa. Perekani theka la ndalama, theka linalo pokatenga, ndipo tsiku limene mukuchifuna mulitchule mutachotserako sabata imodzi.