Galu wabwera ali matope okhaokha: Kärcher OC 3, Mud Daddy, sipuleya kapena ndowa?

Kuno ku England, kuyambira Novembala mpaka Malichi, galu wathu sabwerako koyenda ali woyera. Tinjira ta m'nkhalango ndi ta m'mphepete mwa minda timasanduka phala, ndipo iyeyo ndi spaniel, ubweya wa kumiyendo ndi pamimba umakokolola thope lonse ngati tsache. Pomwe mutu umaima ndi poimika galimoto paja: mpope palibe, mphepo ikuwomba, galu akufuna kudumphira m'buti. Madokotala a ziweto kuno amalangizanso kutsuka matope galu akangochoka m'tchire, makamaka chiyambire 2012 pomwe matenda a Alabama rot, oyambitsa zilonda pakhungu ndi kuwononga impso za agalu, anayamba kupezeka m'dziko muno. Mchere umene amathira m'misewu nthawi ya chisanu nawonso umapweteka mapazi a galu ukaumira pakati pa zala. Anzanga angapo akhala akundifunsa kuti agule chiyani, ndiye nazi zomwe ndaona.

Ndiyambe ndi chimene ambiri amachithamangira, Kärcher OC 3. Ndi kamakina kotsukira kooneka ngati kabokosi, konyamulika ndi dzanja limodzi, batire ili m'kati, thanki ya malita 4 ili pamwamba. Mphamvu ya madzi ake ndi ma bar 5, kuposako pang'ono mpope wa m'nyumba. Kamatulutsa pafupifupi malita 2 pa mphindi, ndiye werengani nokha: thanki yodzaza imatha m'mphindi ziwiri mukangogwira chowomberacho osasiya. Batire imakhala mphindi 15 kapena kuyandikira pamenepo. Choyamba kukutherani ndi madzi, batire ikadali ndi moto wambiri. Pali mtundu wina, OC 3 Plus, wa malita 7, koma ngakhale umenewo, ngati galu ndi wamkulu kapena muli nawo awiri, nyamulani chigubu china chowonjezera.

Ubwino wake ndi woti madzi amabwera mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo dzanja lanu limodzi limakhala lomasuka kugwira galu. Kwa galu waubweya wambiri zimenezi ndi zofunika, chifukwa thope limalowa mpaka pakhungu ndipo madzi ongothira pamwamba amangotsetsereka. Koma kamlomo komwe kamabwera m'bokosi kamaponya madzi mopyapyala ngati mpeni, koyenera njinga ndi nsapato. Pa galu pamafunika kamlomo kena komwaza madzi mofewa, kamene kamagulitsidwa padera pamodzi ndi bulashi ya ubweya. Muwerengeretu ndalama imeneyo. China ndi phokoso la mota. Si lalikulu, koma galu wamantha amalimva, ndipo ndi bwino kumuzoloweza kunyumba kaye, makinawo akulira chapatali iye akudya kena kake, musanapite nawo kutchire.

Mud Daddy ilibe mota ngakhale batire. Ndi chigubu cholimba chokhala ndi chopopera pamwamba. Mumapopa ndi dzanja ngati mukupopa tayala la njinga, mpweya n'kumakankha madzi kudutsa m'paipi mpaka pabulashi yomwe ili kumapeto. Ilipo ya malita 5, ya 8 ndi ya 12. Ineyo mtima wanga uli pamenepa, ndipo chifukwa chake ndi bulashiyo. Thope la dongo silichoka ndi madzi okha pokhapokha muwaponye mwamphamvu yoti galu imupweteka. Limachoka mukamalipesa madzi akuyenda pang'onopang'ono. Popeza madziwo amatuluka mosathamanga, malita 5 amandikwanira miyendo inayi, pamimba ndi mchira, n'kutsalako otsukira majombo anga. Komanso imagwira ntchito mwakachetechete, moti galu wathu amangoima akuyang'ana mbalame.

Chovuta chake n'chakuti mphamvu imatsika madzi akamachepa, ndiye pakati pa ntchito mumayenera kusiya n'kupopanso. Mukakhala awiri si nkhani, wina amapopa wina akupesa. Mukakhala nokha, mangani chingwe cha galu pamtengo kapena pachitsulo cha kumbuyo kwa galimoto, apo ayi mudzapeza wabwerera m'chithaphwi chomwe chija. Ya malita 12 ikadzaza ndi makilogalamu 12 a madzi okha, choncho ndi yosiya m'galimoto, yosayenda nayo.

Pali timashawa ta kumisasa totchaja pa USB, tokhala ndi kapampu koviika m'ndowa. N'totchipa, madzi ake ndi ofewa kwambiri, ndipo potsukuluza sopo palibe chotiposa. Ndinagulapo kamodzi. Kankameza ndowa yonse m'kanthawi kochepa, ndipo tsiku lina mchenga unalowa m'kapampuko, basi kanaima galu ali ndi thovu pamsana. Ngati mukufuna kotere, ndowa ikhale ya madzi oyera ndipo ikhale patali ndi mapazi a galu.

Worx Hydroshot, chotsukira china chogwira m'manja, ndiitchule chifukwa anthu amaiika m'gulu lomweli poona kuti ndi ya batire ndipo imakoka madzi m'ndowa. Mphamvu yake imapitirira ma bar 20. Pa njinga ndi matayala a galimoto ndi yabwino zedi. Ili ndi poikira kuti madzi azigwa ngati shawa, koma kamlomo kake ndi kotembenuza, ndipo kungolakwitsa kamodzi mwaloza madzi akuthwa pamimba kapena pamaso pa galu. Sindingailozetse kwa chiweto. Nanga makina aakulu otsukira galimoto aja, a ma bar 110 kupita m'tsogolo, amang'amba khungu ngakhale la munthu, asayandikire n'komwe.

Tsopano sipuleya, ndipo pano ndikulankhulanso ndi abale kumudzi, komwe dzinja limabwera ndi katondo womata ndi makande a kudambo. Sipuleya ya m'dimba ya malita 5 yopopa ndi dzanja imagwira ntchito mofanana ndi Mud Daddy, kungoti ilibe bulashi, ndipo mtengo wake ndi wotsika kwambiri. Mukagula yatsopano ndi bulashi yofewa padera, mwapeza pafupifupi zonse. Chimene ndikuchonderera n'chimodzi: ikhale yatsopano. Yapamsana ija ya malita 16, yomwe mwakhala mukupopera thonje, matimati kapena ntchemberezandonda m'chimanga, musasambitsire galu ngakhale mutaitsuka kangati. Mankhwala amatsalira m'paipi, m'mphira ndi m'pulasitiki momwe, amalowa kudzera pakhungu, komanso galu akasamba amadzinyambita thupi lonse. Malovu kuchucha, kunjenjemera, kusanza, mwina mpaka kufa kumene, zonsezi zimatha kuyambira pa sipuleya imene mwini wake ankaiona ngati yoyera. Yagaluyo ilembeni chizindikiro, ndipo pakhomo aliyense adziwe kuti simulowa mankhwala.

Ndowa ndi kapu musazipeputse. Pa mapazi, palibe makina amene amaposa kuviika phazi limodzilimodzi m'madzi n'kumatsuka ndi zala zanu pakati pa zala zake, pomwe timiyala ndi minga zimabisala. Ndi nthawi yomweyonso imene dzanja limakhudza nkhupakupa kapena bala lomwe maso sanaone. Kuipa kwake n'koti phazi lachiwiri likamalowa madzi asanduka kale thope, ndipo pamimba ndi m'khwapa kapu siifika bwino chifukwa madzi sakwera okha. Kwa galu wamng'ono waubweya waufupi, ndowa ndi chigubu cha madzi otsukuluzira n'zokwanira, ndalama zanu sungani.

Pa zonsezi, chimene chimapangitsa galu kuima phee kapena kulimbana nanu ndi kutentha kwa madzi. Thupi la galu limatentha madigiri 38 mpaka 39, ndipo akachoka kothamanga m'chisanu n'kuthiridwa madzi ozizira pamimba, mawa lake akangoona chigubu amathawa. Ine ndimathira madzi ofunda pochoka kunyumba, chigubucho n'kuchikulunga m'bulangete lakale. Mud Daddy amagulitsanso chovala chake chosunga kutentha. Ulendo ukakhala wautali ndimatenga fulasiki ya madzi otentha n'kusakaniza pomwepo. Yesani ndi chigongono monga muchitira posambitsa khanda. Mu Kärcher musathire opitirira madigiri 40.

Sopo safunika tsiku lililonse. Thope wamba limachoka popanda sopo, ndipo kusambitsa ndi sopo pafupipafupi kumachotsa mafuta apakhungu, galu n'kuyamba kudzikanda. Akagubuduka pa ndowe kapena pa chinthu chakufa, pamenepo tengani shampu ya agalu. Sopo wochapira zovala ayi. Kumutu sindilozako chida chilichonse. Nkhope ndi makutu ndimapukuta ndi kansalu konyowa, chifukwa madzi akalowa m'makutu ogwa ngati a spaniel amachedwa kuuma ndipo khutu limayamba kununkha ndi kutupa. Mukamaliza, musiyeni adzikutumule kaye, kenaka thaulo. Kwa a kumudzi, thaulo la galu musaliyanike pansi kapena pamthunzi: ntchentche ya mphutsi imaikira mazira pansalu zonyowa ndi pamchenga pomwe pali mkodzo, ndipo tiana ta agalu ndi timene timavutika nazo kwambiri. Liyanikeni pachingwe, padzuwa, likauma mulisite.

Ndiye mugule chiti? Ngati galu wanu ndi wamkulu, waubweya wothithikana, mumayenda nokha ndipo mulinso ndi njinga yofuna kutsuka, tengani OC 3 Plus ndi kamlomo kofewa kaja, mutenge ndi chigubu chowonjezera. Ngati ndi wamantha, kapena simukufuna kumakumbukira zotchaja batire usiku, Mud Daddy kapena sipuleya yatsopano ndi bulashi. M'buti mwathu mumakhala Mud Daddy ya malita 5, kandowa kakang'ono ka mapazi, ndi mathaulo awiri, lina lopukutira lina loyala pogona galuyo pobwerera.