Makina owazira nkhuni olumikiza ku thirakitala yakale: mphamvu ilipo, liwiro ndiye ayi

Pa mphamvu sitingadandaule. Silinda ya makinawa (chitsulo chokankha ndi mphamvu ya oyilo wochokera ku thirakitala) ya masentimita 10 m'mimba mwake, pa presha ya 170 bar, imakankha matani oposa 13, ndipo chipika cha mfundo chimang'ambika ndithu.

Chokhumudwitsa ndi kuchedwa. Silindayi ikakhala yotalika masentimita 60 imamwa oyilo wokwana malita pafupifupi 5, ndiye pampu yopopa malita 16 pa mphindi imatha masekondi 18 kupita kokha.

Musanagule, fufuzani ngati thirakitala yanu ndi ya open centre (oyilo amangozungulira ngakhale makina sakugwira ntchito) kapena closed centre (oyilo amatsekeka ali ndi presha mpaka atafunika). Valavu yowongolera oyilo pa makinawo ikasiyana nayo, oyilo amatentha kapena presha imathawa. Payipi yobweza oyilo ipite molunjika mu thanki. Kwa owaza nkhuni zambiri, pampu yapadera yomangirira ku PTO (shafuti yozungulira ya kumbuyo kwa thirakitala) ndiyo yabwino.