Kuchedwa kwa data: Grafana kapena API ya Prometheus?

Anzanga a IT kuno ku Blantyre, mukafuna kudziwa kuti data ikuchedwa bwanji kufika, mutha kutsegula dashboard ya Grafana (pulogalamu yoonetsa manambala pa ma graph) kapena kufunsa Prometheus (pulogalamu yosonkhanitsa ndi kusunga manambalawo) mwachindunji kudzera pa API yake, njira imene mapulogalamu amafunsirana data, pa /api/v1/query_range.

Mtengo: zonse nzaulere mukaziika pa seva yanu, koma Grafana imadya bandulo chifukwa tsamba limakoka ma graph ambirimbiri pomwe API imangobweza JSON basi (data yolembedwa, yopanda zithunzi), ndiye ngakhale netiweki ikuvuta ku Limbe yankho limatha kufikabe.

Kuphweka: dashboard ikakonzedwa mumangodina. API muyenera kulemba PromQL (chilankhulo chofunsira Prometheus) nokha, ndipo lamulo lake la histogram_quantile poyamba imazunguza mutu, koma ndi imene imakupatsani p95 (nthawi imene mapaketi a data 95 pa 100 alionse saipitirira), pomwe avereji imabisa mapaketi ochedwetsetsa.

Abwana ofuna kungoona chithunzi pa miting'i apatseni Grafana. Inu olemba ma script, pitani pa API.