Makina oyezera BP a pamkono ndi abwino, koma yezani kaye mkono wa wodwala

Makinawa ndinawagula pa famase ina m'tauni chifukwa cha amayi anga, omwe akhala akumwa mankhwala a BP kwa zaka zambiri. Timakhala ku Mufakose, muno mu Harare, ndipo kukwera kombi, kukaima pamzere kuti angokumangani lamba pamkono n'kubwerera, kunayamba kuwalemera.

Ndinasankha omanga pamwamba pa chigongono, osati aja ovala ngati wotchi, chifukwa anamwino amati a padzanjawo amasinthasintha mukangopendeketsa mkono. Batani lake ndi limodzi, manambala ndi akuluakulu moti amayi amawerenga popanda magalasi. Amayendera mabatire anayi a AA, ndiye magetsi akathima, monga mudziwa Harare wathu, ntchito siyiima. Amasonyezanso kugunda kwa mtima, komwe kwa munthu wamkulu wopuma kumakhala pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi.

Chondidandaulitsa ndi lamba. Wobwera m'bokosi ndi wa mikono ya masentimita 22 mpaka 32, ndipo amayi athu ambiri ndi athupi. Lamba wothina amakweza manambala, munthu n'kuyamba kuda nkhawa pachabe. Tinachita kugula wamkulu payekha, wofika 42, ndipo sanali wotchipa. Ogulitsa bwenzi akumafunsa zimenezi munthu asanapereke ndalama. Inu tengani tepi ya telala, muyeze mkono musanachoke pakhomo.

Lamba atakwana, tinatengera makinawo ku kiliniki tsiku lokatenga mankhwala, ndipo manambala ake sanatalikirane ndi a anamwino. Koma amafuna mwambo. Munthu akhale pampando wotsamira kwa mphindi 5, mapazi pansi, mkono patebulo molingana ndi mtima, osamwa tiyi kapena khofi kwa theka la ola, komanso osalankhula. Apa ndiye pamavuta, poti amayi nkhani za kumudzi ku Dedza zimawabwerera lamba akangoyamba kufufuma. "Amayi, dikirani pang'ono amalize," ndiye nyimbo ya m'mawa uliwonse. Timayeza kawiri, n'kulemba m'kope. Makinawo amasunga okha manambala, koma sasiyanitsa anthu, ndiye a neba akabwereka zonse zimasakanikirana.

Ku chipatala BP amati yakwera ikamafika 140/90, pomwe ya panyumba malire ake ndi 135/85. Ikafika 180/120, makamaka pamodzi ndi mutu waukulu, kupweteka pachifuwa kapena kuona mwachimbuuzi, musakhalire kubwereza kuyeza, thamangani ku chipatala. Ndipo manambala akatsika si chilolezo chosiyira mapiritsi.

Tsiku lomwe ndinagula makinawa ndinagulanso kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi, koika m'khwapa. Ndimakakhulupirira kuposa kaja kolozetsa pamphumi komwe tinkakaona pakhomo la sitolo iliyonse mu 2020, kamene kamasokonezeka munthu akachokera padzuwa kapena ali thukuta. Kungoti m'khwapa mumaonetsa motsikirapo ndi pafupifupi theka la digiri, ndipo kulira kwake n'kwapansi kwambiri, amayi sakumva. Thupi likafika 38 ndiye kuti latentha. Muno malungo si ambiri, koma amene wangobwera kumene kuchokera ku Malawi kudzera pa Tete akatentha thupi, akayezetse magazi msanga.

Makina a BP ndikuwapatsa nyenyezi 4 pa 5. Imodziyo yadyedwa ndi lamba.