Toggl Track yandithandiza kutchula mtengo woona wa ntchito yanga

Ndimakonza makadi a ukwati, mapulogalamu a maliro, zikwangwani ndi ma logo kuno ku Zomba. Kwa zaka zinayi mtengo ndinkautchula poyang'ana munthu. Akabwera pa galimoto ndimakweza pang'ono, akakhala wa kumpingo kwathu ndimatsitsa. Mwezi ukamatha ndinkakhala wotopa kwambiri koma ndalama ya lendi yosakwana, osadziwa kuti yapita kuti.

Mnzanga wina womasulira mabuku ndiye anandiuza za Toggl Track. Ndi pulogalamu yowerengera nthawi yogwira ntchito, yopangidwa ndi kampani ya ku Tallinn, m'dziko la Estonia. Kagwiritsidwe kake n'kosavuta: umalemba dzina la ntchito, kudina batani, wotchi n'kuyamba kuyenda. Ukamaliza umadinanso. Ntchito iliyonse umaiika pansi pa dzina la kasitomala wake, ndipo pakutha pa sabata imakuonetsa maola onse. Ilipo ya pafoni, ya pakompyuta ndi ya pa intaneti, ndipo yaulere imalola anthu mpaka 5.

Ntchito yoyamba imene ndinaiyeza inali khadi la ukwati limene ndinatchaja K35,000. M'mutu mwanga inali ya maola atatu. Kujambula kwenikweniko kunatengadi maola atatu ndi theka. Koma kenako akomiti anayamba: "Achimwene, mungosintha mtundu wokhawu." Mawa lake dzina la ankhoswe linali lolakwika. Mkuja apongozi akufuna vesi lina. Nthawi iliyonse ndikamayankha pa WhatsApp kapena kutsegulanso fayilo ndinkayatsa wotchi. Kuphatikiza ulendo wa kumalo osindikizira kukaona ngati mitundu yatuluka bwino, zonse zinakwana maola 9 ndi mphindi 40. Ndiye kuti ola langa ndinaligulitsa pa mtengo wosafika K4,000, ndisanachotse bandulo, mayunitsi a magetsi ndi kabaza. Zinandipweteka mtima, chifukwa ndinakumbukira makadi onse amene ndinapanga m'mbuyomu mwanjira yomweyo.

Chachiwiri chimene Toggl inandionetsa n'chakuti maola olipiritsa ndi ochepa kuposa mmene ndinkaganizira. Ndimakhala pa desiki tsiku lonse, koma nditayeza miyezi iwiri ndinapeza kuti maola a ntchito ya makasitomala ndi pafupifupi 90 pa mwezi. Otsalawo amathera polemba kotesheni, kulondola ngongole ndi kudikira magetsi. Ndinawerengera zimene ndimafuna pamwezi: lendi, chakudya, fizi ya mwana, intaneti, ndi kangachepe kosungira tsiku limene laputopu idzafe. Zinafika K630,000. Kugawa ndi 90, ola langa ndi K7,000.

Mtengo wa pa ola umenewu sindiuza kasitomala. Kuno munthu ukamuuza kuti umatchaja pa ola amaganiza kuti uzichedwa dala. Ndimamupatsa mtengo wa ntchito yonse, koma wochokera pa maola amene Toggl yandionetsa pa ntchito zofanana nayo. Pa kotesheni ndimalemba kuti kusintha n'kawiri kokha, kachitatu n'kolipira, kuti theka aperekeretu pa Airtel Money kapena Mpamba, komanso kuti mtengowo ukugwira ntchito kwa masiku 14. Mfundo ya masiku 14 ndinaiphunzira mu Novembala 2023, ndalama ya kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti: ntchito ina imene tinagwirizana mtengo mu Okutobala ndinaimaliza motaya.

Zimene ndimaikondera kwambiri pulogalamuyi ndi ziwiri. Netiweki ikasowa wotchi ya pafoni imayendabe, n'kudzatumiza zonse intaneti ikabwera. Ndipo ya pakompyuta ikaona kuti wachokapo, imakufunsa ngati nthawi imeneyo uisunge kapena uitaye. Izi zimandithandiza kuti ndisawerengere kasitomala nthawi imene ndinapita kukadya nsima.

Dziwani kuti gawo loika mtengo wa pa ola kuti pulogalamuyo iziwerengera yokha ndalama lili mu yolipira, ndipo kulipira kwake n'kwa ndalama zakunja. Ine sindinalembetse. Ndimangotenga maola n'kuchulukitsa ndi K7,000 pa kakyuleta ya pafoni. Komanso sabata yoyamba mudzaiwala kuyatsa kapena kuzimitsa wotchi. Nthawiyo imatheka kuikonza pamanja.

Makasitomala awiri anachoka nditakweza mitengo, ndipo mmodzi mwa iwo ndinkamukonda. Ena ananenerera, ndinawaonetsa lipoti la maola a ntchito yawo yapitayo, n'kuvomera. Khadi la ukwati pano ndimatchaja K55,000, ndipo popeza kusintha kuli ndi malire, la sabata yatha linanditengera maola 6 ndi theka.